Kodi akusimba nkhaniyi ndani?

Mukatenga buku la nkhani zopeka, dzifunseni kaye funso ili: kodi amene akundisimbira nkhaniyi ndani? Mlembi ndi wina, wosimba nkhani ndi winanso. Pa Chingerezi zimenezi amazitcha point of view, ndipo njira yachidule yomwe ine ndimagwiritsa ntchito pozindikira wosimbayo ndi kuyang'ana alowam'malo a maina.

Mukaona I, me kapena we, ndiye kuti wosimbayo ali m'kati mwa nkhani. Imeneyo ndi first person. M'buku la Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, lomwe linatuluka mu 1988, mtsikana Tambu akusimba yekha za moyo wake. Timangodziwa zomwe iye waona, wamva kapena waganiza. Za mumtima mwa anzake amangoganizira, monga momwe inu mumachitira ndi mnzanu wa pa desiki.

Mukaona he, she kapena they, wosimbayo waima panja. Iyi ndi third person. Mu Things Fall Apart, buku lomwe Chinua Achebe anatulutsa mu 1958, wosimba amatilowetsa m'maganizo a Okonkwo, kenako m'maganizo a mwana wake Nwoye. Nayo second person, ya you, siipezeka kawirikawiri m'nkhani zopeka. Mudzaipeza kwambiri m'malangizo, monga a kaphikidwe.

Nanga galamala ikulowapo pati? M'Chichewa mwininkhani amakhala kale m'mneni: ndikupita, ukupita, akupita. Liwu limodzi, chiganizo chatha. Chingerezi sichilola zimenezo. Kulemba "Is going to school" basi n'kulakwa, payenera kukhala he kapena she kumayambiriro.

Vuto lachiwiri n'lakuti ife timati iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. N'chifukwa chake ambiri amalemba "My mother said he was tired", osadziwa kuti mayi awo awasandutsa bambo. Mayi ndi she, bambo ndi he.

Chachitatu ndi ka s kaja. M'nthawi ya simple present, mneni amalandira s pokhapokha mwininkhani akakhala he, she, it kapena dzina la chinthu chimodzi: I walk, they walk, koma she walks.

Izi si zamasewera, anzanga. Popanda kukhoza Chingerezi, satifiketi ya MSCE simungaione, ndipo pa chimangirizo malikisi amatayika m'tizinthu ngati timeneti. Mukayamba nkhani ndi I, musasinthire kwa he pa ndime yachitatu. Gwirani wosimba mmodzi mpaka kumapeto.

Tayesani izi madzulo ano. Lembani ziganizo zisanu za ulendo wanu wa kusukulu pogwiritsa ntchito I ndi simple present. Mukatero, zilembeninso ndi she. Werengani aneni omwe asintha, muonenso pomwe my wasanduka her.