Gombe Limene Mchenga Wake Umatumphuka Madzi Otentha

Munthu amene anasambapo pa akasupe a Mawira ku Nkhotakota, kapena kuona nthunzi ikufuka pa Chiweta ku Rumphi, sadabwa akamva kuti m'mimba mwa dziko muli ng'anjo yosazima. Koma ngakhale iyeyo, atafika ku Hot Water Beach, m'dera la Coromandel pa chilumba chakumpoto cha New Zealand, akhoza kugwira pakamwa. Pakuti kumeneko kasupe sali m'thengo kapena patsinde pa phiri, koma pansi pa mchenga umene nyanja yaikulu ya Pacific imaumiza kawiri pa tsiku.

Ife a kumtunda, amene nyanja yathu imakwera ndi kutsika potsata mvula, tiyenera kuyamba tamvetsa ichi: nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku chifukwa mwezi umakoka madzi ake. Tsono akasupewo amaonekera kwa maola anayi okha, awiri madzi asanafike pophweratu ndi awiri pambuyo pake, ndipo wofika mochedwa, ngakhale atayenda makilomita oposa 170 kuchokera ku Auckland, amangopeza mafunde. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi ikakwana, taonani khamu la anthu, akulu ndi ana omwe, likutsetsereka ndi mafosholo obwereka m'masitolo apafupi, aliyense akupondaponda mchenga ndi mapazi kufuna pamene pakutentha. Akapapeza amakumba dzenje lofika m'mawondo, nalizinga ndi khoma la mchenga, ndipo madzi amene atenthedwa ndi miyala ya mapiri akale ophulika amabwera okha kuchokera pansi, kufikira dzenje lija litasanduka bafa. Madziwo amafika madigiri 64, kutentha kokhoza kusupula khungu, kotero anzeru amakumba cha pambali pa kasupe, kapena kutunga madzi ozizira a m'nyanja ndi ndowa kuti asakanize. Chimene chimandikhudza mtima ine n'chakuti palibe mwini dziwe: alendo osadziwana chinenero amagumulirana makoma nakhala pamodzi ngati ana a mimba imodzi, ndipo madzi akabwerera amafafaniza ntchito yonse, kuti wa mawa adzayambe yekha.

Komabe imfa ya pa gombeli siili m'madzi otentha ayi. Thupi likafunda, mtima umalakalaka kukadziponya m'nyanja, ndipo pomwepo, pafupi ndi miyala yoyandikana ndi akasupewo, pali mkokomo wa madzi wokokera munthu kunyanja yakuya, umene wamiza kale anthu. M'miyezi yotentha, imene kumeneko ndi Disembala mpaka Febuluwale, alonda opulumutsa anthu amazika mbendera zofiira ndi zachikasu posonyeza malo oyenera kusambirapo. Safunsa anadya phula. Inu amene mwayi udzakufikitseni kumeneko, funsani nthawi ya kuphwa kwa madzi musananyamuke, ndipo mukafuna kusambira, sambirani pakati pa mbenderazo.