Wodwala Maganizo Ali Nao Mau Pamaso pa Lamulo

M'mabanja athu ambiri, munthu akangodwala matenda a maganizo, kapena nkhalamba ikayamba kuiwala maina a adzukulu ake, timaleka kumufunsa kanthu. Timakambirana za iye ngati kuti wamwalira kale. Mwana woyamba amatenga khadi la kubanki, mlamu amatenga makiyi a nyumba, ng'ombe nazo zimagawidwa mwiniwake ali cipenyere. Tikafunsidwa timayankha kuti tikumusungira. Koma kodi anatipatsa mphamvu imeneyi ndani? Lamulo la dziko lathu la Zambia liri ndi yankho, ndipo yankholo linasintha kwambiri m'zaka zapitazi.

Kwa zaka 70 tinali pansi pa lamulo la Mental Disorders Act, limene atsamunda analemba mu 1949 dziko lino likuchedwa Northern Rhodesia. Lamulolo linkaona wodwala ngati munthu woopsa, woyenera kugwidwa ndi kutsekeredwa, ndipo linkamuchula ndi mau a Cingerezi otanthauza citsiru ndi cidzete. Ambiri a ife tinakula ndi mzimu womwewo, kotero kuti dzina la cipatala ca Chainama Hills ku Lusaka linasanduka coopsezera ana ndi cotukwanira anansi.

Mu 2017 anthu atatu amene anadwalapo matendawa, mmodzi wa iwo a Sylvester Katontoka a bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, anasumira boma ku Bwalo Lalikulu la Milandu. Bwalolo linagamula kuti ndime yokhala ndi maina onyoza aja inali yosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Patapita zaka ziwiri, mu 2019, Nyumba ya Malamulo inafafaniza lamulo lakalelo nikhazikitsa la Mental Health Act.

Ndime yacinai ya lamulo latsopanoli ndiyo ikhudza nyumba zathu. Poyamba inena kuti wodwala maganizo ali ndi mphamvu yodzisankhira zinthu pamaso pa lamulo monga wina aliyense. Pokhapokha matenda atamulanda nzeru zomvetsa cimene akucita m'pamene mphamvuyo imacoka, ndipo pamenepo bwalo la milandu likhoza kumusankhira mthandizi. Komanso munthu akadali ndi nzeru zake angathe kulemberatu malangizo ochula amene afuna kuti adzamuthandize tsiku limene matenda adzamukulira.

Tione bwino apa. Nchito yogamula kuti munthu sangathenso kudziimira inapatsidwa kwa bwalo la milandu, osati kwa msonkhano wa banja, ngakhale akulu onse a mtundu atakhalapo. Ndiponso mthandizi si mwini cuma. Nyumba, munda ndi ndalama za penshoni zikhalabe za wodwalayo.

Ngakhale ndime imeneyi siinakondweretse onse. Mabungwe a anthu olumala amati ikulandabe munthu ufulu umene lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 linam'patsa, ndi umene Zambia analonjeza mu 2010 povomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Iwo amati munthu azithandizidwa kusankha, asamasankhiridwe. Maganizo amenewa ayenera kutiunikira ifenso pakhomo, pakuti matenda ambiri a maganizo amabwera nkupita. Wosokonezeka mwezi uno angathe kucira mwezi wamawa atalandira mankhwala, ndipo nkhalamba yosatha kuwerenga ndalama idziwabe bwino lomwe mwana amene ifuna kukhala naye.

Nanga banja licite ciani? Coyamba, wodwala apite naye kucipatala kuti adokotala amuyeze. Mphekesera za pamudzi si umboni. Caciwiri, pa nkhani iriyonse yomukhudza, afunsidwe iye mwini pa nthawi imene mutu wake uli bwino, m'cinenero cake ndi mosathamanga. Cacitatu, tisacedwe kulemba. Wilo imalandiridwa ngati wolembayo anali ndi nzeru zake zonse poilemba, tsono kusainitsa agogo pepala pamene asokonezeka kale ndiko kubzala mlandu umene udzagawa abale. Cacinai, amene akusunga ndalama za wodwala alembe m'kabuku ngwee iriyonse yolowa ndi yotuluka.

Osowa ndalama za loya asataye mtima. Bungwe la boma la Legal Aid Board limathandiza osauka pa milandu, ndipo m'madayosizi athu ambiri muli alangizi a zamalamulo a Cilungamo ndi Mtendere. Ngati katundu wa wodwala akulandidwa, nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit imalandira madandaulo otere. Tikumbukenso kuti kunena nkhalamba yoiwala kuti ndi mfiti, cifukwa yapezeka ikuyenda usiku osadziwa kwao, ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act.

Akale anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Lamulo lingathe kusankha mthandizi, koma silingaphike phala kapena kuperekeza wodwala kukatenga mankhwala. Imeneyo ndi nchito ya banja ndi ya Akristu a m'mphakati. Tikapita kukazonda wodwala wotere, tiyambe kulonjera iye mwini ndi kumva za pakamwa pake, tisanatembenukire kwa omusamala.