Musanagule thanki ya nsomba za pa TikTok, kumbukirani mbuna za kwathu

Mwina munaionapo kanemayo. Mukungopsyata foni usiku, bando ikutha, ndiye pakutulukira chipinda chochezera cha munthu wina ku Dubai kapena ku Johannesburg. Pakhoma pali thanki yagalasi yowala buluu, mkati muli makorali akugwedezeka ngati maluwa, ndipo kansomba kofiirira ka mizere yoyera, kaja kanatchuka ndi filimu ya Finding Nemo mu 2003, kakusambira mwamatama. Mumtima mukuti, “Ine ndikangopata, ndiika yanga.”

Malotowo si oipa. Kuweta nsomba zokongoletsera m'nyumba ndi chizolowezi cha anthu ambiri padziko lapansi, ndipo ndi bizinesi yaikulu. Koma ngati mukukhala ku Chitakale, ku Likhubula, pa Nkando kapena ku Limbuli, tiyeni tiwerengetsere kaye musanatulutse ndalama, chifukwa thanki ya madzi amchere siseweretsa munthu. Ndipo pali nkhani ina imene ambiri a ife sitiidziwa: nsomba zimene azungu amazilimbirana m'masitolo awo, zambiri kwawo n'kuno.

Mchere wa ku khichini sugwira

Poyamba ndi madzi. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere mumakhala magalamu pafupifupi 35 a mchere. Ndiye thanki ya malita 200, yomwe kwa oweta makorali ndi yapakatikati chabe, ikufuna makilogalamu 7 pa tsiku loyamba lomwelo. Mchere wake si uja timathira m'ndiwo. Umakhala wosakaniza mwapadera, wokhala ndi calcium ndi magnesium, zomwe makorali amamangira mafupa awo. Ku Mulanje simuupeza pa golosale. Muyenera kuitanitsa kunja, ndipo za forex inu mukudziwa kale.

Sizithera pomwepo. Oweta ambiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse n'kuthiramo atsopano. Pa thanki yathu ija, amenewo ndi malita 20 ndi magalamu 700 a mchere ulendo uliwonse. Madzi osungunulira mcherewo nawonso amayenera kusefedwa ndi makina a RO, chifukwa a pampopi ali ndi klorini ndi zina zomwe zimapha makorali kapena kumeretsa ndere.

Wina anganene kuti, “Aaa, Mozambique ili pafupi, tingodutsa pa Muloza kukatunga.” Zoona, Milange ndi pakhomo. Koma matanthwe a makorali otchuka a dzikolo ali kutali, monga ku zilumba za Quirimbas kumpoto ndi Bazaruto kumwera, ndipo malo onse awiriwa ndi otetezedwa. Kuwonjezera apo, makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti kuwadutsitsa malire popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo lathu la za usodzi nalonso limafuna chilolezo cha boma munthu asanalowetse m'dziko nsomba zamoyo zachilendo.

Magetsi akazima, thanki imayamba kufa

Korali amaoneka ngati mwala kapena chomera, koma ndi nyama. M'thupi mwake mumakhala tindere tosaoneka ndi maso timene timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Popanda nyali zamphamvu zoyaka maola 8 kapena 10 patsiku, korali amakhala ndi njala. Amafunanso madzi oyenda nthawi zonse, ndiye pamafunika mapampu. Palinso makina ochotsa zonyansa mwa thovu, ndi hita yosunga kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 27.

Zonsezi zimadya magetsi usana ndi usiku. Tsopano kumbukirani za mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi ma megawatt 130 pa magetsi a dziko lino. Tinakhala miyezi yambiri tikuwerenga ndandanda ya kuzima kwa magetsi ngati tebulo la ligi. Kumbukiraninso Freddy mu Malichi 2023, amene anakantha kwambiri Mulanje ndi Phalombe. Pampu ikaima, mpweya m'madzi umayamba kuchepa, ndipo pakangopita maola ochepa nsomba zimakhala zikupuma movutikira pamwamba. Firiji ikazima mumataya nyama ya sabata imodzi. Thanki ya makorali ikazima mumataya zonse zimene mwasonkhanitsa chaka chathunthu.

Onjezerani nyengo ya kwathu. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika kuchokera ku Mozambique n'kukuta phiri, nyumba za ku Mulanje zimazizira moti munthu umagona ndi juzi. Nsomba ya m'madzi ofunda ilibe juzi. Popanda sola, batire ndi inveta zodalirika, thanki ya madzi amchere kuno ndi manda agalasi.

Chuma chimene tili nacho kale

Nayi nkhani imene iyenera kutitsegula maso. Lowani pa YouTube mulembe mawu oti mbuna. Mupeza anthu a ku Germany, America, Japan ndi Poland akuonetsa mathanki awo monyadira, akutchula mayina ngati Nkhata Bay, Likoma, Chizumulu ndi Maleri, malo amene ena a ife sitinapondeko. Mawu oti mbuna anachokera kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja, ndipo lero akudziwika padziko lonse.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Akatswiri amati mitundu ya m'banja la chambo, utaka ndi mbuna ilipo mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimakhala m'miyala, ndipo zili ndi mitundu yowala, yabuluu, yachikasu, yamizeremizere, moti alendo ambiri akaziona koyamba amaganiza kuti ndi za m'nyanja yamchere. N'chifukwa cha nsomba zimenezi kuti paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Malonda ake si a lero. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant ankatumiza mbuna zamoyo kunja pa ndege, ndipo malo ake a ku Kambiri Point ku Senga Bay, m'boma la Salima, anatchuka kwa oweta nsomba padziko lonse. Iye anamwalira mu 2007. Mmodzi mwa akatswiri ake olowa pansi pa madzi anali Saulos Mwale, ndipo dzina lake lilipo mpaka lero pa nsomba yotchedwa Chindongo saulosi, imene Ad Konings anailemba m'mabuku a sayansi mu 1990. Taganizani, dzina la Mmalawi likutchulidwa m'masitolo a ku Berlin ndi Tokyo, ife eniake osadziwa.

Koma nkhani ya saulosi ili ndi phunziro lowawa. Nsombayi imapezeka pa tanthwe limodzi lokha la pansi pa madzi, lotchedwa Taiwanee, pafupi ndi Chizumulu. Itatchuka, inagwidwa mopyola muyeso mpaka inatsala pang'ono kutha, ndipo anthu anachita kuswetsa zina m'mathanki n'kukazibwezera kwawo. Chinanso n'chakuti mbuna zambiri zimene zikugulitsidwa kunja masiku ano sizichokeranso kuno. Amaziswetsa m'mafamu a ku Florida, ku Asia ndi ku Ulaya. Nsomba ndi yathu, dzina ndi lathu, ndalama zikupita kwa ena.

Mungayambe bwanji ku Mulanje?

Thanki ya mbuna si yaulere, koma ndi yotheka. Sifuna mchere wodula, sifuna nyali zapadera, ndipo mbuna zimapirira kuposa makorali.

Yambani ndi kukula kwake. Mbuna ndi zandewu. Yamphongo imateteza mwala wake ngati munthu woteteza munda. Thanki yaing'ono imasanduka bwalo la nkhonya. Yabwino ndi yotalika masentimita 120, ya malita 200 kapena kupitirira. Odula magalasi a mawindo atha kukudulirani, koma galasi likhale lochindikala mamilimita 10, ndipo silikoni womatira akhale wopanda mankhwala ophera nkhungu, chifukwa mankhwalawo ndi poizoni kwa nsomba. Musaiwale kulemera: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye mukaphatikiza miyala, mchenga ndi galasi, mukukamba za makilogalamu oyandikira 300. Tebulo la pa msika silingathe. Pitani kwa wowotcherera akupangireni chachitsulo, ndipo chikhale chowongoka bwino.

Kenako madzi. A m'nyanja yathu ndi a pH yokwera, pakati pa 7.7 ndi 8.6. Madzi otsika m'phiri la Mulanje, ngakhale ndi okoma kumwa, amadutsa pa miyala yolimba yosasungunuka msanga, ndiye amakhala opepuka kwa mbuna. Mankhwala ake ndi osavuta: ikani miyala ya laimu yophwanya kapena zigoba za nkhono mu fyuluta, ndipo gulani zoyezera pH kuti musamangoganizira. Madzi a pampopi achotseni klorini ndi mankhwala ake, kapena agone m'chidebe chosavindikira tsiku lathunthu.

Apa ndi pamene ambiri amagwera: kuthamanga. Thanki yatsopano sikhala yokonzeka kulandira nsomba. Chimbudzi cha nsomba chimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. Pamafunika mabakiteriya abwino amere mu fyuluta kuti azisandutsa amoniyayo kukhala nitrite, kenako nitrate yemwe saopsa kwambiri. Zimenezi zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mukathira nsomba tsiku loyamba kuti mujambule za pa status, pofika Loweruka mudzakhala mukuzivuula zitafa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Unjikani miyala yambiri kuti pakhale mapanga obisalamo. Yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Pa chakudya samalani: mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, ndiye mukamazipatsa zanyama zambiri zimatupa mimba n'kufa. Hita ndi yofunikabe m'miyezi yozizira, ndipo kapampu ka mpweya koyendera batire kangapulumutse thanki yonse magetsi akazima.

Mphoto yake mudzaiona tsiku lina m'mawa: yaikazi itasiya kudya, kukhosi kutatupa. Siikudwala ayi. Yanyamula mazira m'kamwa, ndipo idzawasunga choncho pafupifupi masabata atatu mpaka tiana titatuluka tikusambira. Zimenezo mudzazionera pa mpando wanu, osawononga bando.

Malire awiri osadumpha

Choyamba, musapite ku Cape Maclear ndi neti yoteteza udzudzu n'kukadzitengera. M'madzi a paki kugwira nsomba n'koletsedwa, ndipo malonda a nsomba zamoyo amafuna chilolezo. Funsani ku ofesi ya za usodzi ya m'boma lanu kuti akuuzeni njira yoyenera ndi anthu ovomerezeka.

Chachiwiri, mukatopa nazo musakazitaye mu Likhubula, Lichenya kapena Ruo. Nsomba ikalowa m'madzi omwe si akwawo imatha kulanda malo a eni ake kapena kubweretsa matenda, ndipo ikakhazikika palibe amene angaichotse. Ipatseni mnzanu woweta.

Achinyamata a ku Mulanje amadziwa kale kusandutsa za kwawo kukhala ntchito. Alipo amene amaperekeza alendo ku Sapitwa, ena akugulitsa nanazi ndi mapeyala pamsewu, ena akukonza mafoni pa Chitakale. Palibe chimene chingaletse mmodzi wa iwo kuphunzira kumata magalasi, kuswetsa mbuna mwalamulo, n'kumaika mathanki m'malo ogona alendo, m'maofesi ndi m'masukulu, kuti mwana wa ku Muloza amene sanaonepo nyanja aone chimene chimawakokera azungu ku Mangochi. Nemo adikire kaye mpaka sola ndi forex zitakhala bwino. Thanki yoyamba ikhale ya nsomba zodziwa kwathu.