Vuto la Lagos si kuchuluka kwa anthu

Anthu akamva zoti ntchito yanga ndi yokonza mapulani a mizinda, ambiri amaganiza kuti ndimajambula zithunzi za nyumba zosanjikizana zomwe sizidzamangidwa, kapena kuti ndine uja amatumiza mathirakitala kukagumula nyumba za osauka. Zonsezi zimachitikadi, koma si mutu wa ntchitoyi. Mutu wake ndi kuwerengera anthu amene adzakhale pamalo zaka 20 kapena 30 zikubwerazi, kenako n'kuwasungira malo a msewu, ngalande, mapaipi a madzi, msika ndi sukulu iwo asanafike. Mzinda umene umaonetsa poyera zomwe zimachitika ntchitoyi ikachedwa ndi Lagos, doko lalikulu la dziko la Nigeria. Dzinali likangotchulidwa, anthu amapukusa mitu, amvekere kumeneko ndiye anthu anachuluka mopyola muyeso. Ine ndikukana. Anthu anapita ku Lagos pa zifukwa zomveka ndipo kubwera kwawo kunkaonekeratu. Zomwe zinachedwa ndi misewu, njanji, mapaipi ndi mapuloti.

Mzindawu unakula chifukwa cha doko. Gombe la kumadzulo kwa Africa lili ndi malo ochepa oti sitima n'kukocheza bwinobwino, koma pa Lagos pali mpata wochoka m'nyanja ya Atlantic kulowa m'nyanja ina yabata ya mkati. Angerezi analanda malowa mu 1861. Pofika 1901 njanji inali itafika ku Ibadan, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi inakafika ku Kano, kumpoto kwenikweni, moti mtedza, thonje, koko ndi zikopa zinayamba kutsikira padoko limodzi. Kumpoto ndi kumwera atakuphatikiza kukhala dziko limodzi mu 1914, likulu linakhala Lagos. Pomwe pakutsitsidwa katundu pamafunika onyamula, makalaliki, madalaivala, mabanki ndi ophika nsima ya onsewa, ndipo mafakitale a ku Apapa ndi Ikeja anatsatira pomwepo. Mu 1950 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 300,000, pomwe pofika 2022 bungwe la United Nations linkati apyola 15 miliyoni. Kalembera wa mu 2006 anapeza anthu pafupifupi 9 miliyoni m'chigawo chonse cha Lagos, koma boma la chigawocho linakana n'kunena kuti analipo 17.5 miliyoni. Mkanganowu si wa masamu chabe. Kukula kwa paipi, kuchuluka kwa mabasi komanso gawo la ndalama zochokera ku boma lalikulu zimadalira nambala imeneyi, choncho mzinda wosagwirizana pa chiwerengero cha anthu ake umangomanga zoperewera.

Taonani nkhani ya kudzadza kwa magalimoto, yomwe Lagos amatchuka nayo. Mabanki, maofesi ndi misika yakale zili pazilumba za Lagos Island ndi Victoria Island, pomwe anthu ambiri amagona kumtunda. Milatho ikuluikulu yolumikiza mbali ziwirizi ilipo itatu: Carter, Eko ndi Third Mainland, womwe ndi wotalika pafupifupi makilomita 12 ndipo unatha mu 1990. M'mawa khamu lonse limalowera mbali imodzi, madzulo limabwerera mbali inayo, ambiri ali m'maminibasi achikasu otchedwa danfo, omwe amanyamula anthu osakwana 20. Pamenepa mankhwala ake ndi odziwika: sitima yapamtunda yonyamula anthu mazanamazana ulendo umodzi. Bwanamkubwa Lateef Jakande anayambitsa ntchito yotere mu 1983, koma boma la asilikali la Muhammadu Buhari linaithetsa mu 1985. Mabasi oyenda mumsewu wawowawo anayamba mu 2008, sitima ya Blue Line inayamba kunyamula anthu mu 2023, ya Red Line mu 2024. Zaka 40 zinadutsa pakati pa kuzindikira vuto ndi kukwera sitima yoyamba, ndipo m'zaka zimenezo anthu anamanga nyumba m'malo ambiri omwe njanji ikanadutsa mosavuta. Munthu amene amadzuka 4 koloko m'mawa kuti akafike kuntchito 8 koloko akulipira ngongole ya chisankho cha mu 1985.

Kudoko nkhani yake ndi yomweyo. Mu 1975, ndalama za mafuta zitasefukira, boma linaitanitsa simenti yochuluka kuposa yomwe doko la Apapa likanatha kutsitsa, ndipo sitima mazana angapo zinaima panyanja miyezi ndithu, simenti ina mpaka kuumira momwemo. Doko la Tin Can Island linamangidwa mwachangu n'kutsegulidwa mu 1977. Koma njanji yotulutsa katundu inalekereredwa, makontena onse n'kugwera mathiraki, mpaka misewu ya ku Apapa inasanduka malo ogona madalaivala odikira kwa masiku. Mu 2021 akuluakulu a madoko anayambitsa njira yoitanira mathiraki pa intaneti, kuti thiraki isanyamuke isanapatsidwe nthawi yake. Mu 2023 anatsegula doko lakuya la Lekki, pafupi ndi fakitale yoyenga mafuta ya Dangote, yomwe inamangidwa kuti iziyenga migolo 650,000 patsiku. Ndi ntchito zazikulu zoyenera kuyamikidwa, komabe doko la Lekki linayamba ntchito lisanalumikizidwe ndi njanji. Ife okonza mapulani tikaona zotere timadziwiratu kuti zomwe zinachitika ku Apapa zikhoza kuchitikanso kumeneko.

Ena amati zonsezi n'kuzungulira, njira yachidule n'kuletsa anthu kuthamangira m'tauni potukula kumudzi. Kutukula kumudzi n'kwabwino pakokha, koma sikuchepetsa mzinda. Nigeria anayesa chinthu chachikulu kuposa pamenepo: mu 1991 anasamutsa likulu lonse, nduna, akazembe ndi ogwira ntchito m'boma, kupita ku Abuja. Lagos sanaphwe, anapitiriza kukula. Chifukwa choyamba n'chakuti mbali yaikulu ya kukula kwa mzinda wotere ndi ana obadwira momwemo, omwe alibe mudzi woti muwabwezereko. Chachiwiri n'chakuti obwerawo si opusa. Mnyamata wodziwa kukonza mafoni amapeza makasitomala ku Computer Village ku Ikeja omwe sangawapeze kwina kulikonse, wogulitsa zamagetsi amafuna kukhala ku Alaba, wansalu ku Balogun, ndipo opanga mafilimu a Nollywood amafuna pamene ojambula, osewera ndi ogula ali pamodzi. Kuthinana komwe kumatopetsa pamsewu n'komwenso kumabala ntchito. Boma lingathe kusankha ngati mzinda ukule mwadongosolo kapena mwachisawawa, koma zoti usakule silingathe.

Enanso amati anthu omanga m'malo osaloledwa ndi ophwanya malamulo, ndipo boma lichita bwino kuwagumulira. Lagos wayesa njirayi kwa zaka pafupifupi 100. Mliri wa makoswe womwe unabuka mu 1924 ndi umene unachititsa atsamunda kukhazikitsa bungwe la Lagos Executive Development Board mu 1928, ndipo ina mwa ntchito zake zoyamba inali kugumula. Mu July 1990 boma la asilikali linasalaza dera la Maroko, momwe ankakhala anthu pafupifupi 300,000, malowo n'kusanduka mapuloti odula. Anthuwo sanathere m'malere. Anakadzaza madera ena osauka, vuto n'kungosamuka. Mu 2012 anagumula mbali ya Makoko, mudzi wa asodzi womangidwa pamitengo pamwamba pa madzi, ndipo mu 2016 ndi 2017 anachotsa anthu a ku Otodo Gbame. Funso lomwe ogumula safunsa ndi lakuti, kodi puloti yololedwa, yotsika mtengo, inalipo? Lamulo la malo la mu 1978 linaika malo onse a m'tauni m'manja mwa bwanamkubwa wa chigawo, ndipo kugulitsana malo kumafuna chilolezo chake, chomwe chimadya nthawi ndi ndalama. Wosauka amangopita kwa mabanja a eni nthaka, otchedwa omo onile, n'kugula kachigawo kopanda msewu, kopanda ngalande, nthawi zina kogulitsidwa kale kwa wina. Lamulo lomwe anthu ambiri sangathe kulitsata ngakhale atafuna ndiye lili ndi vuto, osati anthuwo.

Apa ndivomereze mbali imodzi ya otsutsawa. Alipo malo osayenera kumangapo, kaya womangayo ndi wolemera kaya wosauka. Lagos ali pamalo otsika, mbali yaikulu inali madambo, ndipo mvula ikagwa mwamphamvu madzi amafuna njira. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Koma pochotsa anthu m'njira ya madzi pamafunika kuwauza nthawi ilipo, kuwalipira ndi kuwapatsa malo ena pafupi ndi kumene amapeza chakudya. Komanso lamulolo likhudze onse. Madambo ambiri a ku Lekki anakwiriridwa ndi mchenga kuti pakhale nyumba za anthu a ndalama, ndipo madzi omwe ankaima m'menemo tsopano amalowa m'nyumba za ena. Ntchito ya Eko Atlantic, mzinda watsopano womangidwa pamchenga wokumbidwa pansi pa nyanja, ili ndi khoma lolimba loteteza gombe la Victoria Island, koma mitengo ya mapuloti ake sangaiyandikire dalaivala wa danfo. Mzinda watsopano wa anthu ochepa suyankha funso la komwe mamiliyoni akubwerawo adzagone.

Chotsutsa chomaliza ndicho cholemera: ndalama zake zili kuti, ndipo mzinda wa anthu 15 miliyoni ungalamulirike? Kuyambira mu 1999, m'nthawi ya abwanamkubwa Bola Tinubu ndi Babatunde Fashola, chigawo cha Lagos chinakonza katoleredwe ka misonkho mpaka chinayamba kupeza ndalama zambiri pachokha kuposa zomwe chimalandira kuchokera ku Abuja, zomwe zigawo zambiri za Nigeria sizikwanitsa. Anthu ochulukawo ndi amenenso amakhoma msonkho. Pa za kulamulirika, matenda a Ebola atalowa mu Lagos mu July 2014, dziko lapansi linanjenjemera. Dokotala Stella Adadevoh anakana kutulutsa wodwala woyambayo m'chipatala, iye mwini n'kutaya moyo, ndipo azaumoyo anatsata mmodzimmodzi anthu mazanamazana omwe anakhudzana ndi odwala. M'dziko lonse anadwala anthu 20, anamwalira 8, ndipo mu October chaka chomwecho matendawa analengezedwa kuti atha. Mzinda womwe unatha kuchita zimenezi sungalephere kulemba malire a msewu. Ndipo mbali yoyamba ya ntchito yathu ndi yotsika mtengo: kupima malo akadali tchire, kukhoma zikhomo zosonyeza podzadutsa msewu ndi ngalande, n'kuziteteza. Phula ndi mapaipi zikhoza kubwera ndalama zikapezeka. Chodula n'kubowola msewu pakati pa nyumba zomangidwa kale, chifukwa pamenepo pamafunika chipukuta misozi, milandu ndi apolisi. M'madera ambiri a Lagos mwayi wotchipawo unadutsa, n'chifukwa chake mabanja amakumba mijigo yawoyawo, kugula madzi a m'zigubu ndi kuyatsa majenereta, zomwe zimadya ndalama zambiri kuposa bilu ya madzi ndi magetsi.

Mizinda yathu ya ku Malawi ilibe doko ndipo ndi yaing'ono poyerekeza ndi Lagos, koma njira ikuyendayo ndi yomweyo. Lilongwe anakonzedwa papepala asanakhale likulu mu 1975, komabe Mtandire, Chinsapo ndi Mgona anakula kunja kwa dongosololo chifukwa mapuloti a anthu wamba anali ochepa. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe mu March 2023, ambiri anadzudzula omanga m'phiri, ochepa okha ndi amene anafunsa komwe akanamanga. Kusiyana kwathu ndi Lagos n'kwakuti m'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mudakali minda, ndiye kuti zikhomo zikhoza kukhomedwa lero mafumu, eni minda ndi khonsolo atagwirizana. Khansala wa dera lanu akadzabwera kudzapempha voti, mufunseni akuonetseni mapu a komwe misewu ya zaka 20 zikubwerazi idzadutse, ndiponso kuti akuilondera ndani kuti pasamangidwe nyumba.