Fumbi Lobisala M'malata ndi M'mipope Yakale

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, nagwetsa nyumba zambiri m'boma la Phalombe ndi kukokolola mipope ya madzi. Achikulire anakumbukira napolo wa mu 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi. Madzi ataphwa, anthu anayamba kutola chilichonse chothandiza pomanganso: njerwa, mitengo, misomali ndi zidutswa za malata. Palibe amene angaŵadzudzule pa chimenechi. Koma pakati pa zogumuka zotere nthaŵi zina pamapezeka chinthu chimene sichiyenera kutoledwa mwachisawawa, ndicho asibesitosi.

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi, umene ukaphwanyidwa umanyenyeka kukhala timaulusi. Timaulusi timeneti sitipsa ndi moto ndipo sitiwola. Chifukwa chake amisiri a kale anatikonda zedi, natisakaniza ndi simenti popanga malata, mipope ndi zipangizo zina zomangira. Wambiri ankakumbidwa m'migodi ya Shabanie ndi Mashaba ku Zimbabwe, kumene amuna ochuluka ochokera kuno kwathu anakagwirako ntchito, ndiponso ku Penge ndi ku Kuruman m'dziko la South Africa.

Malo oyamba kuyang'anapo ndi padenga. Nyumba zomangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kufikira m'ma 1980, makamaka masukulu, zipatala, matchalitchi, masitolo, nyumba za aphunzitsi ndi za antchito a m'maesiteti, kaŵirikaŵiri zinkafoleredwa ndi malata a simenti ya asibesitosi. Malataŵa ndi otuŵa ngati phulusa, okhuthala ndiponso olemera. Sachita dzimbiri, koma akakalamba amamera ndere ndi kuda. Mvula ikamagwa sasokosera monga amachitira malata achitsulo, ndipo munthu akaŵagogoda salira ngwee. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, anthu amaŵatcha "lusalite". Alipo malata ena atsopano a simenti opanda asibesitosi amene amafanana nawo kwambiri, kotero kuti diso lokha silingasiyanitse. Nzeru ndi kuyesa lata lililonse lakale la mtundu umenewu ngati liri naye.

M'kati mwa nyumba, asibesitosi amabisala m'mabolodi osalala a siling'i, m'matailosi ena akale a pulasitiki a pansi, ndi m'zotchinga za pafupi ndi chitofu. Kunja amakhala m'ngalande zolandira madzi a padenga, m'mathanki ena akale ndi m'mapaipi otulutsa mpweya kapena zonyansa. M'mafakitale akale ankakulungira mapaipi a nthunzi ndi asibesitosi wofeŵa wonga thonje, ndipo ameneyu ndiye woopsa koposa pakuti amauluka akangokhudzidwa.

Wina ali pansi pa nthaka. Ntchito ya madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera m'mapiri inayamba ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika kuchigwa cha Phalombe, eni midzi akukumba okha ngalande ndi makasu awo. Mipope ing'onoing'ono inali ya pulasitiki, koma ikuluikulu yambiri inali ya simenti ya asibesitosi. Apa pafunika kunena mosabisa, kuti anthu angachite mantha pachabe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO silinapeze umboni wokwanira wakuti madzi odutsa m'mipope yotere amadwalitsa woŵamwa. Wosiya mpope chifukwa cha nkhani ino nakatunga kumtsinje, akathaŵa mvula n'kugwera m'dziŵe, pakuti kumeneko ndiko kuli kolera. Ngozi ya mpope ili kwa mmisiri amene akuucheka ndi sowo pokonza pamene paphulika, ndi kwa wotola zidutswa zake kukapangira mtondo wa maluŵa kapena chomwera nkhuku.

Nanga kuopsa kwake n'kotani? Lata likakhala lamphumphu, timaulusi timamangika m'simenti ndipo timatuluka tochepa kwambiri. Koma likathyoka, likachekedwa, likabooledwa kapena kupalidwa, fumbi lake limauluka. Timaulusi take n'tosaoneka ndi maso, tilibe fungo, ndipo munthu sayetsemula nato. Tikaloŵa m'mapapo timakhala momwemo moyo wake wonse. Pang'onopang'ono mapapo amauma ndi kuchita zipsera, munthu nayamba befu ngakhale pa kamtunda kakang'ono. Ena amadwala khansa ya m'mapapo, ena khansa ya kachikopa kokuta mapapo imene madotolo amaitcha mesothelioma, ndipo imeneyi sichira. Chosautsa n'chakuti matendaŵa amaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40, mwini ataiŵala kalekale tsiku limene anapuma fumbilo. Mwana woseŵera lero ndi zidutswa zotere angadzadwale ali ndi ana ake. Wosuta fodya ali pa ngozi yoposa. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha asibesitosi amene anapuma pa ntchito. South Africa analetsa asibesitosi mu 2008, ndipo Mozambique anatero mu 2010, koma lamulo silichotsa malata amene ali kale padenga.

Tsono denga labwinobwino lingosiyidwa. Lisapalidwe ndi burashi yawaya, ndipo munthu asakwerepo, popeza malata akaleŵa amathyoka mwadzidzidzi. Pamene pagwa zidutswa, choyamba ndi kuchotsapo ana, kenaka kuthirapo madzi kufikira zitanyoŵa ndithu, pakuti fumbi lonyoŵa siliuluka. Zinyamulidwe monga ziliri, osaziphwanyanso, zikulungidwe m'pepala la pulasitiki lolimba, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo auzidwe kuti anene koyenera kuzikwirira. Tsache pamalo pouma ndilo loipitsitsa. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga timaulusi tating'ono chotere. Zovala zogwirira ntchitoyi zisakutumulidwe. Zinyikidwe m'madzi ndi kuchapidwa pazokha, chifukwa alipo amayi ambiri amene anadwala pongochapa zovala za amuna awo a m'migodi.

Chidutswa cha lata lotere chisaikidwe pamoto ngati phale lokazingira chimanga kapena mtedza. Chikatentha chimaphulika ndi kumwaza fumbi m'khitchini momwemo. Zidutswazi zisathiridwenso m'maenje a pamsewu, pomwe njinga ndi ngolo zizizipera tsiku ndi tsiku.

Matenda a asibesitosi amafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu: kutsokomola kosatha, befu, kupweteka m'nthiti ndi kuwonda. Munthu wotere apite kuchipatala kukapimitsa makhololo monga mwa nthaŵi zonse. Koma ngati anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Zimbabwe kapena ku South Africa, kapena anali wofolera nyumba, wogumula nyumba zakale kaya wokonza mipope, auze dotolo zimenezi ngakhale asanafunsidwe, natchule ntchitoyo, malo ake ndi zaka zimene anaigwira.