Magule a M'misewu ndi Thanzi la Thupi

 Nkhani yathu lero ndi ya magule amene achinyamata amawatcha hip-hop, ena amati magule a m'misewu. Makolo ambiri akaona mwana akudzigwetsa pansi, kuzungulira ndi msana, kenaka n'kuima ndi manja miyendo ili m'mwamba, amapukusa mutu ndi kunena kuti uku n'kufuna kuthyoka khosi. Kodi magulewa angalimbitse thupi monga umachitira mpira kapena liwiro? Yankho ndi lakuti inde angathe. Koma phindu lake lagona pa kuvina kawirikawiri ndi mwadongosolo, osati pa zidule zoopsa zimene zimakopa maso.

Tiyambe ndi kumene adachokera. Kwawo kwa hip-hop ndi ku Bronx, dera la mzinda wa New York ku Amereka. M'zaka za m'ma 1970 derali lidali pa umphawi waukulu, ntchito zidali zosowa, ndipo nyumba zambiri zinkapsa ndi moto. Pa 11 Ogasiti 1973 mnyamata wina wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, amene adatchuka ndi dzina loti DJ Kool Herc, adaimba mbale za nyimbo pa phwando limene adakonza mlongo wake Cindy pa nyumba ya 1520 Sedgwick Avenue. Ambiri amawerenga tsikuli ngati tsiku lobadwa la hip-hop. Herc adaona kuti anthu ankavina molimbika pa kachigawo ka nyimbo pamene woimba wakhala chete ndipo ng'oma zokha zikulira. Kachigawoka kamatchedwa break. Iye adayamba kuika mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi pa makina awiri, ina ikatha kachigawoko n'kuyambitsa inzake, kotero kuti ng'oma zinkalira nthawi yaitali osadukiza. Anyamata ndi atsikana ovina pa nthawiyo adatchedwa ma b-boy ndi ma b-girl, ndipo gule wawo adatchedwa breaking. Posowa malo abwino, ankayala makatoni m'mbali mwa msewu n'kumavinirapo.

Ku California nakonso, kumadzulo kwa dzikolo, kudabuka magule ena. Ku Los Angeles, cha mu 1970, Don Campbell adayambitsa locking, gule amene wovina amayendetsa manja mwachangu kenaka n'kuima nji mwadzidzidzi ngati wakhomedwa ndi loko. Ku Fresno, Sam Solomon, wodziwika ndi dzina loti Boogaloo Sam, adatchukitsa popping, m'mene wovina amakunga minofu ndi kuimasula msangamsanga motsata kugunda kwa ng'oma. Makanema monga Beat Street wa mu 1984 adafalitsa magulewa m'maiko ambiri. Mu 2018 breaking adalowa m'masewero a Olimpiki a achinyamata ku Buenos Aires, ndipo mu 2024 adaonekera pa Olimpiki yaikulu ku Paris, kumene Ami Yuasa wa ku Japan ndi Philip Kim wa ku Canada adapata mendulo za golide.

Tsono tione chimene chimachitika m'thupi munthu akamavina. Minofu ikamagwira ntchito imafuna mpweya wambiri. Mapapo amakoka mpweyawo, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti magazi aufikitse ku minofu. Mtima nawo ndi mnofu: ukamapatsidwa ntchito yotere sabata ndi sabata umalimba, ndipo umatha kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Minofu yogwira ntchito imagwiritsanso ntchito shuga wa m'magazi ndi mafuta a m'thupi. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wochita masewero olimbitsa thupi amachepetsa chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo.

Gule wa breaking ali ndi zigawo zinayi, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake m'thupi. Choyamba ndi toprock, kuvina choimirira, kuponda ndi kudumpha mopepuka. Apa mtima ndi mapapo ndizo zimapindula. Chachiwiri ndi footwork, pamene wovina amatsamira manja pansi miyendo ikuyenda mozungulira. Apa mapewa, mikono, mimba ndi ntchafu zimalimba chifukwa zimanyamula thupi lonse. Chachitatu ndi freeze, kuima osagwedezeka thupi litapendekeka, kumene kumaphunzitsa munthu kudzigwira kuti asagwe. Chachinayi ndi power moves, kuzungulira ndi msana, mapewa kapena mutu. Chigawo chachinayichi ndicho chimaombetsa anthu m'manja, komanso ndicho chimavulaza ambiri. Amene akufuna thanzi lokha angathe kupeza zonse zofunika m'zigawo zitatu zoyambazo, kapena mu locking ndi popping amene amavinidwa choimirira.

Nanga munthu avine nthawi yaitali bwanji? Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidapereka malangizo mu 2020. Lidati munthu wamkulu azichita masewero apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena masewero olimba kwa mphindi 75 mpaka 150, ndiponso azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewero pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Bungwe lomweli lidapeza kuti mu 2022 anthu aakulu 31 pa 100 alionse pa dziko lapansi sankafika pa muyeso umenewu. Kuvina mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumakwanitsa mphindi 150 zija.

Mwina mufunsa kuti, "Ndidziwa bwanji ngati ndikuvina mwapakatikati kapena molimba?" Simufunika makina. Ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba nyimbo, mukuvina mwapakatikati. Ngati mukupuma wefuwefu kotero kuti mungotha kutchula mawu ochepa musanakoke mpweya, mukuvina molimba. Dziwaninso kuti nthawi yoimirira pa bwalo kuombera anzanu m'manja siiwerengedwa. Ovina breaking amalowa pakati mmodzimmodzi, aliyense kwa kanthawi kosakwana mphindi imodzi. Wofuna thanzi asamangodikira nthawi yake yolowa pakati, koma azivina ndithu ali m'mbalimo.

Apa mpamene magulewa amafanana ndi athu. Bwalo la ovina la ku Bronx, limene iwo amalitcha cypher, silisiyana kwenikweni ndi bwalo la chimtali kapena la chioda, pamene anthu amazungulira, kuomba m'manja ndi kulimbikitsana. Amene adavinapo mganda, beni kapena ingoma amadziwa thukuta limene gule amatulutsa. Ubwino wa gule ndi wakuti munthu satopa naye msanga, chifukwa nyimbo imamukoka ndipo anzake amamuyembekezera. Safunanso ndalama: wailesi kapena foni, malo osalala ndi nsapato zogwira bwino phazi, basi zakwana.

Komabe akuluakulu adati gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Ovina breaking amavulala kawirikawiri m'manja, m'mapewa, m'maondo, m'khosi ndi mumsana. Mu 2024 madokotala a ku Denmark adalemba za mwamuna wina amene adakhala akuzungulira ndi mutu kwa zaka 19, mpaka tsitsi lidasosoka pa liwombo ndipo padamera chotupa chimene adachichotsa ndi opaleshoni. Choncho tamverani malangizo awa. Musanayambe, tenthetsani thupi kwa mphindi 5 mpaka 10 poyenda ndawala, kugwedeza mapewa ndi kupinda manja ndi maondo. Yambani ndi magule oimirira, ndipo mupite pansi pokhapokha mikono ikalimba. Chotsani miyala ndi magalasi pamalo ovinira, ndipo musavinire mumsewu wodutsa magalimoto ngakhale dzina la gule likunena za msewu. Imwani madzi, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo sankhani m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Ana asayesere kuzungulira ndi mutu popanda wowaphunzitsa wodziwa. Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa kwa woyamba kumene, koma ululu wobaya pamfundo ndi chizindikiro choti mupumule. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, lekani pomwepo ndipo pitani kuchipatala. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso amayi oyembekezera, ayambe afunsa dokotala.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi, mwana wokonda magulewa musamuthamangitse. Mpatseni malo abwino ndi nthawi yake akamaliza ntchito za pakhomo ndi za kusukulu, ndipo mvetserani nyimbo zimene akuvinira kuti zikhale zaulemu. Kwa inu achinyamata, kumbukirani kuti kuthamanga sikufika. Yambani ndi mphindi 10 pa tsiku sabata ino, muonjezere pang'ono sabata yamawa, mpaka mufike pa mphindi 30.