Mavoti a Kwathu Okha Saika Munthu Pampando

Munthu amene amayenda pa msewu wa Mchinji kuchokera kwa Njewa kudzera pa Mpingu mpaka ku Namitete, kapena amene amalowera kumpoto cha ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, akudziwa kuti nkhani ya chisankho sidathere pa 24 September 2025, tsiku limene bungwe loyendetsa chisankho lidalengeza kuti Pulofesa Arthur Peter Mutharika ndiwo adapambana. M'misika, m'mabwalo a mafumu ndi m'zipinda zimene aphunzitsi amapumuliramo, anthu amafunsanabe kuti kodi pofika chaka cha 2030 ndani adzakhale ndi mwayi wolamulira dziko lino. Maina otchulidwa ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi lake. Kufunsa kotereku nkwabwino. Koma popeza awerengi athu ambiri ndi akuluakulu a ntchito za boma ndi aphunzitsi, anthu amene pa tsiku la chisankho amachezera usiku wonse kuwerenga mapepala a voti, nkoyenera kuti poyesa mwayi wa munthu tiyambe ndi ziwerengero zimene iwo eni adalemba ndi manja awo. Khamu la pa msonkhano limanyenga. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Dera limeneli ndi kwawo kwa Dr. Lazarus Chakwera. Kumudzi kwawo ndi ku Malembo, kumene amakaponyera voti, ndipo m'chaka cha 2014 adalowa m'Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa kumpoto cha kumadzulo kwa boma la Lilongwe. Anthu a kuno sadatayepo chipani cha Malawi Congress Party kuyambira pamene ndale za zipani zambiri zidabwerera. Ndiponso si anthu ochepa: kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1,600,000 m'midzi ya boma la Lilongwe, osawerengera a mumzinda. Palibe boma lina m'dziko muno limene lili ndi anthu ochuluka chotere. Nchifukwa chake ambiri kuno amaganiza kuti mwana wa kwathu akangoima, ndipo ife tikatuluka tonse m'mamawa kukafola pamzere, mpando ndi wake.

Ziwerengero zikukana maganizo amenewa, ndipo zakhala zikuwakana kwa zaka makumi atatu. Pa chisankho cha 1994, Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, amene adalamulira dziko lino zaka 30, adapeza mavoti 33 pa 100 alionse, pamene a Bakili Muluzi adapeza 47 ndipo a Chakufwa Chihana 19. M'chaka cha 2004 a John Tembo sadafike pa 30, ndipo mu 2009 adangopitirira pang'ono 30. A Chakwera adapeza pafupifupi 28 mu 2014, adakwera kufika pa 35 mu 2019, ndipo mu 2025, ali pampando, adabwerera pa 33, pomwe Ngwazi idaima mu 1994. Atsogoleri atatu osiyana makhalidwe ndi mayankhulidwe, wina dokotala, wina katswiri wa ndale wa ku Dedza, wina m'busa wa mpingo wa Assemblies of God, onse adakolola mofanana: gawo limodzi mwa magawo atatu. Ameneyo ndiye msinkhu weniweni wa chipanichi chikaima chokha.

Kawiri kokha chipanichi chidadumpha msinkhu umenewu, ndipo kawiri konseko chidali ndi mnzake. Mu 1999 a Gwanda Chakuamba, munthu wa ku Nsanje, adaima ndi a Chihana a chipani cha AFORD ngati wachiwiri wawo, ndipo adapeza mavoti 45 pa 100. Mu 2020, bwalo la milandu litafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 February ndi kulamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, a Chakwera adagwirizana ndi malemu Dr. Saulos Chilima mu mgwirizano wa Tonse. Pa 23 June chaka chimenecho adapeza mavoti pafupifupi 2,600,000, kapena kuti pafupifupi 59 pa 100.

Aphunzitsi a masamu atha kulemba pa bolodi manambala atatu awa ndi kufunsa ana a Sitandade 6 kuti afotokoze. Mu 2019 a Chakwera adapeza mavoti pafupifupi 1,780,000. Mu 2020 adapeza 2,600,000. Mu 2025 adapeza pafupifupi 1,765,000. Mavoti oposa 800,000 adabwera, kenaka adachoka. Sadali a ku Kabudula kapena ku Nsaru, chifukwa a kumeneko adalipo kale ndipo adakhalapobe. Adali a anthu a kumpoto, a m'mizinda, ndi a achinyamata amene mu 2019 adapatsa a Chilima mavoti oposa 1,000,000. Adali mavoti obwereka. A Chilima adamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, chipani chawo cha UTM chidatuluka mu mgwirizano, ndipo pofika tsiku la voti wobwereka adapezeka kuti watsala ndi zake zokha.

Tisaganize kuti vutoli ndi la chipani chimodzi. Chipani cha Democratic Progressive Party nacho chili ndi msinkhu wake, wozikika m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. A Peter Mutharika adapeza mavoti 36 pa 100 mu 2014, pafupifupi 39 mu 2019, ndipo mu 2020 sadafike pa 40 ngakhale adali ndi a Atupele Muluzi ngati wachiwiri wawo. Pa lamulo lakale zimenezi zidali zokwanira: mu 2019 adalengezedwa opambana ndi kusiyana kwa mavoti osafika 160,000. Pa lamulo la tsopano munthu wa 39 sapita ku nyumba ya boma ku Lilongwe, amapita ku chisankho chachibwereza.

Nanga zidatheka bwanji kuti munthu yemweyo, ali ndi zaka 85, ndiponso osayendayenda kwambiri pa nthawi yokopa anthu, apeze mavoti oposa 3,000,000 pa 16 September 2025, pafupifupi 57 pa 100, pakati pa anthu 17 opikisana? Apa mpofunika kudekha, chifukwa yankho lake lili m'nkhokwe ndi m'thumba. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Namondwe wa Freddy adasakaza kummwera mu March 2023, ndipo chaka chotsatira chilala chidachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa tsoka. Feteleza amene alimi adayamba kugula pa K4,495 thumba pa ndondomeko ya boma mu 2020 adakwera mtengo, olandira adachepa, ndipo m'masitolo thumba lidapitirira K100,000. Mizere ya galimoto zofuna mafuta idali kugona pa malo omwetsera. Zina mwa izi sizidali zochita munthu, pakuti mvula ilibe chipani. Koma mayi amene wabwera chimanjamanja kuchokera kumsika sasiyanitsa mlandu wa mvula ndi mlandu wa nduna. Ngakhale mzinda wa Lilongwe, umene uli pakhomo penipeni pa Njewa, udatembenuka nkupatsa a Mutharika mavoti ambiri, ndipo ku Nkhotakota kudachitika chimodzimodzi.

Zoterezi zidachitikapo kale, kungoti nthawi imeneyo zidakomera amene adali pampando. Dr. Bingu wa Mutharika adalowa m'boma mu 2004 ndi mavoti 36 pa 100. Atayambitsa makuponi a feteleza m'nyengo ya 2005 ndi 2006, chimanga chidachuluka, ndipo mu 2009 adapeza mavoti 66 pa 100, chiwerengero chimene palibe wina wachifikapo. Ngwazi inkakonda kunena kuti anthu ake amafuna zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Zambiri za nthawi imeneyo anthu adazikana pa riferendamu ya 14 June 1993, ndipo adali ndi zifukwa zomveka, koma muyeso uwu wokha ukugwirabe ntchito pa aliyense wokhala pampando.

Tsono tiyeni tiyese maina amene anthu amatchula ndi miyeso iwiri imeneyi: kodi munthuyo angawonjezere chiyani pa mavoti a kwawo, ndipo kodi chaka cha voti chidzampeza ali mbali iti ya nkhokwe?

A Mutharika adzakhala ndi zaka 90 mu July 2030. Kuwonjezera apo, gawo 83 la malamulo aakulu a dziko lino limaika malire a nthawi ziwiri, ndipo mu 2009 bwalo la milandu lidakaniza a Bakili Muluzi kuimanso pa chifukwa chimenechi. Choncho funso lalikulu la chipani cha DPP ndi la mlowam'malo, ndipo mbiri ya chipanichi pa nkhani imeneyi siyosalala. A Kondwani Nankhumwa adachotsedwa mu 2024 nkukayambitsa chipani chawo. Dr. Dalitso Kabambe adachoka nkukalowa UTM. Onse awiri adaima mu 2025 ndipo mavoti a ku Thyolo ndi Mulanje sadawatsate. Izi zikusonyeza kuti mphamvu idali pa dzina la Mutharika ndi mtundu wa nsalu ya chipani. Amene adzalandire nsaluyo popanda dzinalo adzayamba ndi 36 kapena 39 uja, ngati chipanicho sichidzang'ambika posankha, ndipo 20 wotsalayo adzamupeza kapena kumutaya malinga ndi mtengo wa chimanga ndi feteleza m'zaka zisanu za ulamuliro wa chipani chake. Mavoti a 2025 nawonso ambiri adali obwereka.

Dr. Jane Ansah, amene adasankhidwa pamodzi ndi a Mutharika ngati wachiwiri wawo, dzina lawo silingalephere kutchulidwa. Koma kuno kwathu njira yawo njokwera phiri. Iwo ndiwo ankatsogolera bungwe la chisankho mu 2019, ndipo zionetsero za chaka chimenecho zidali zofuna kuti atule pansi udindo. Anthu a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu sadaiwale mwezi wa October 2019, pamene wapolisi adaphedwa ku Msundwe ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana adachitidwa nkhanza zosaneneka, mlandu umene bwalo lalikulu lidagamula mu 2020 kuti boma liwalipire chipepeso. Aliyense wa chipani cha DPP wofuna mavoti pa msewu umenewu ayenera kudziwa kuti bala limenelo lilipo.

A Chakwera adalamulira nthawi imodzi yokha, motero malamulo a dziko sawaletsa kuimanso, ndipo mu 2030 adzakhala ndi zaka 75. Adachita chinthu chaulemu povomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe, ndipo zimenezi anthu a zipani zonse adaziona. A Mutharika asonyeza kuti munthu atha kuchotsedwa pampando nkudzabwererapo. Kwa anansi athu ku Zambia, kumene msewu wa Mchinjiwu umalowera, a Hakainde Hichilema adalephera kasanu asanapambane mu 2021. Komabe chimene chidabweza a Mutharika chidali chikumbukiro cha anthu chakuti m'zaka zawo katundu adali wotsikirapo mtengo. A Chakwera, kapena wina aliyense amene nthumwi za chipani cha MCP zidzamusankhe, alibe chikumbukiro chotere choti atsamire. Ali ndi gawo limodzi mwa atatu lokhazikika, limene ndi chuma chachikulu, ndi ntchito yopeza mavoti ena pafupifupi 1,000,000 kunja kwa Chigawo cha Pakati. Nthumwi zikadzasankha munthu chifukwa chakuti amaombetsa m'manja ku Nsaru, zidzakhala zikugula mavoti amene zili nawo kale.

Za zipani zinazo tidutsa mwachangu chifukwa manambala ake ngochepa. A Kabambe, amene adali mkulu wa banki yaikulu ya dziko lino kuyambira 2017 mpaka 2020, adapeza mavoti opitirira pang'ono 200,000, pafupifupi 4 pa 100, gawo limodzi mwa asanu la zimene a Chilima adapeza. A Atupele Muluzi adatsika kuchoka pa pafupifupi 14 mu 2014 kufika pa 5 mu 2019, ndipo mu 2025 sadakwanitse 2. Mayi Joyce Banda, amene adapeza 20 mu 2014, nawonso sadafike pa 2. Palibe mwa atatuwa amene, pa ziwerengero zimenezi, angalowe yekha m'nyumba ya boma. Koma tisawapeputse. Chaka chimene zipani ziwiri zikuluzikulu zidzaime pa 45 ndi 43, munthu wa 4 pa 100 adzagogodedwa pakhomo usiku. A Enoch Chihana a AFORD adazindikira zimenezi msanga, adagwirizana ndi DPP chisankho chisanachitike, ndipo mu October 2025 adapatsidwa udindo wa wachiwiri wina wa mtsogoleri wa dziko.

Pali gulu limodzi limene silili m'ziwerengero zonse tatchulazi, ndipo aphunzitsi ndiwo amalidziwa kuposa wandale aliyense. Mwana amene adali ndi zaka 13 pa tsiku la voti la 2025, amene mwina adali mu Sitandade 7 pa sukulu ina ku Nambuma kapena kwa Kabudula, adzakhala ndi zaka 18 mu 2030 ndipo adzalembetsa m'kaundula wa voti. Pamene ku Msundwe kudali chipwirikiti iye adali ndi zaka 7, ndipo Ngwazi idamwalira mu November 1997, zaka 15 iye asanabadwe.